Nkhope ya Kuseri kwa Pepala

1. Makope Osokedwa ndi Singano

Anzake akusukulu ankamutchula kuti Inki. Dzinali silinabwere chifukwa cha nzeru, ngakhale nzeruzo anali nazo. Linabwera chifukwa cha zala zake, zimene sizinkayera ngakhale atazisamba ndi sopo katatu.

Amayi ake ankagwira ntchito pa kampani yosindikiza mabuku. Iwo ndi amene ankayendetsa chimpeni chodulira mapepala. Pantchito imeneyi, makina asanayambe kusindikiza zenizeni, amayamba alowetsamo mapepala owonongeka kuti aone ngati inki yakhala bwino. Pepala limodzi limatha kulowa kawiri kapena katatu, mpaka mbali imodzi imada, inayo n'kukhalabe yoyera. Lamulo linali lakuti mapepala oyeserawo azidulidwa n'kutayidwa.

Koma ndi mayi uti, ali ndi mwana pasukulu, angataye pepala loyera mbali yonse? Amayi a Inki ankawanyamula m'thumba. Kunyumba ankapinda pepala lililonse pakati, mbali yakuda n'kubisika mkati, kenako n'kusoka ndi singano. Likatero lasanduka kope.

Inki sanali woumira. Makope amenewa ankagawirako anzake, ndipo ankafunikadi, chifukwa m'kalasi mwawo buku la masamu linali limodzi pa ana asanu ndi anayi. Amene sanafike pabukupo ankakopera kwa amene wafika. Mabuku atsopano analonjezedwa kumayambiriro kwa chaka, koma miyezi isanu ndi iwiri inali itadutsa.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, poti a Nduna a Maphunziro anachinena pawailesi. Anati mapepala osindikizira mabukuwo anagwidwa pamalire m'dziko loyandikana nalo, kumene atsogoleri ake salola katundu kudutsa popanda chiphuphu.

Tsopano Lachisanu kunali mpikisano wa sukulu zisanu. Mutu wake unali wakuti: Tingawayeze bwanji atsogoleri a mayiko osiyanasiyana? Mlendo wolemekezeka anali a Nduna omwewo. Woyankhulira sukulu yawo anali Inki, ndipo ahedi anali atawerenga kale zolemba zake n'kuchongapo ndi cholembera chofiira.

2. Mafunso a Amalume

Lachitatu masana Inki anaima pakati pa chipinda chochezera kuti ayeseze. Chipindacho chinali chaching'ono moti ukatambasula dzanja umagunda kabati. Omvera anali mmodzi, amalume ake, amene anthu ankawatchula kuti a Giya chifukwa anayendetsa malole moyo wawo wonse. Tsopano bondo linali litawakana, ndipo ankakhala pakhomo pa mlongo wawo, mwendo atautsamiritsa pa chidebe chovundikira.

Mapepala amene Inki anagwira anali osapinda. Anawasolola m'thumba mwachangu, amayi ake asanawasoke.

Anawerenga ndime yoyamba ndi yachiwiri bwinobwino. Atafika pa yachitatu anakweza mawu.

“Taonani dziko loyandikana nafe. Atsogoleri ake ndi akatangale. Chifukwa cha dyera lawo, ife lero tilibe mabuku. Tiyamike kuti kuno kwathu tili ndi atsogoleri okonda ana.”

“Ima kaye,” anatero a Giya. “Dziko limenelo unapitako liti?”

“Sindinapiteko, Amalume. Koma zinanenedwa pawailesi.”

“Wailesi iyi? Imene timaimenya kumsana kuti iyankhule?”

Inki anaseka, koma amalume ake sanaseke. Anasuntha mwendo wodwalawo ndi manja awiri, n'kuyamba.

“Mwana wa mlongo wanga, ine ndayendetsa lole zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, m'mayiko asanu ndi anayi. Dziko lililonse limene ndinalowa, anthu ake ankandiuza kuti akuba ali kutsidya. Ndikaoloka malire, a kutsidyako ankaloza kumene ndachokera. Ndinafika poganiza kuti akuba onse amagona pamzere wa malire penipenipo, poti kwawo kulibe amene amawavomera.

“Dziko lina ndinapeza zithunzi za mtsogoleri zazikulu ngati khoma la sitolo, mphambano iliyonse. Nditadwala kumeneko, m'chipatala munalibe ngakhale thonje. Dziko lina linali losauka kuposa lathu lino. Mtsogoleri wake nkhope yake sindikuidziwa mpaka lero. Koma wapolisi wa pamalire ndinamupatsa botolo la chakumwa, iye n'kundibwezera, amvekere, bambo, mapepala anu ali bwino, pitani. Ndinachita manyazi tsiku limenelo. Linanso linali lolemera, misewu yosalala ngati tebulo. Koma ukangotchula mtsogoleri m'malo odyera, aliyense ankayang'ana m'mbale mwake.

“Ndiye usamuyeze mtsogoleri ndi kukula kwa chithunzi, kapena kukoma kwa mawu, kapena kulemera kwa dziko lake. Usamuyezenso ndi zimene adani ake akunena. Ufunse kuti iyeyo akadwala amagona chipatala chiti, ndipo ana ake amaphunzira kuti. Ufunse ngati chimene analonjeza ungachigwire ndi manja. Koma funso lalikulu ndi ili: munthu wamba akamufunsa funso pagulu, mawa lake munthuyo amadzukira kuti? Pantchito pake, kapena kwina?

“Ndipo tepi yoyezera ikhale imodzi. Imene wayezera kwa mnansi, uyezerenso kwanu. Ukasintha tepi, sukuyeza, ukungosangalatsa mwini nsalu.”

Inki ankalemba m'mphepete mwa pepala mofulumira. Atakweza mapepala aja kuti apitirize, a Giya anatsinzina diso limodzi, n'kuwerama.

“Tandiuza. Ukamawerenga iwe umaona mbali yako. Ife okhala kutsogolo timaona chiyani?”

“Zakuda basi, Amalume. N'zoyesera makina.”

“Tatembenuza.”

Inki anatembenuza. Anali atagwira mapepala oterowo kuyambira ali wamng'ono, ndipo mwana wa wosindikiza sayang'ana kuseri, monga mwana wa wogulitsa nsomba samva fungo. Lero anayang'ana.

Panali nkhope ya a Nduna, ikumwetulira, ndi mawu akuti muwavotere. Pansi pa nkhopeyo, mooneka bwino ndithu, panali tsamba 47 la buku la masamu. Manambala ankadutsa pachipumi pawo. M'munsi munali chidindo chakuti buku la boma, losagulitsa, ndi chaka chomwechino.

“Limeneli ndi buku limene mukudikiralo?” anafunsa a Giya.

“Ndi lomwelo.”

“Ndiye analisindikiza pa chiyani, poti mapepala ali pamalire?”

Inki anayang'ananso pepalalo. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, amayi ake n'kulowa, epuloni ili paphewa.

3. Chenjezo la Amayi

Amayi aja anangoona pepalalo kamodzi. Anabweza chitseko, n'kukoka katani ngakhale dzuwa linali lidakalipo. Kenako anakhala pampando osavula nsapato.

“Mayo ine,” anatero motsitsa mawu. “Ndanyamula zimenezi miyezi yonseyi osayang'ana.”

“Amayi, mapepala anafika?”

Poyankha sanayang'ane munthu.

“Anafika mwezi wachiwiri. Malole atatu. Ndinawadula ndi manja angawa. Tinasindikiza masamu masiku awiri. Tsiku lachitatu kunabwera bambo wina wonyamula chikwama chachikopa, n'kulowa mu ofesi ya abwana. Atatuluka, makina anaima. Anachotsa masamu n'kuikapo nkhope. Zithunzi za kampeni, makalendala, timapepala togawa m'misika. Mapepala onse a mabuku anathera pamenepo.”

“Ndiye a Nduna ananama pawailesi.”

“Tseka pakamwa.” Amayi aja anatembenuka. “Tamvera, mwana wanga, ndipo umvetse bwino, chifukwa sindibwereza.

“Pakampani ponse paja, wotenga mapepala oyesera ndine ndekha. Mlonda wa pageti akudziwa. Abwana akudziwa, amangoyang'ana kumbali poti amati n'zinyalala. Pepala limodzi lotere likaoneka pagulu, safunsa kawiri kuti lachokera kuti. A Nduna sawagwira. Abwana sawagwira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amene adzatuluke pageti atanyamula epuloni m'manja ndine.

“Chimpeni chija ndachigwira zaka khumi ndi zinayi. Chinandidya nsonga ya chala ichi, koma ndi chomwecho chakulera iwe kuchokera pamene bambo ako anamwalira. Munthu wochotsedwa chifukwa cholongolola, palibe kampani ina imene imamulemba. Eni makampani amadyera pamodzi, amauzana. Ndinamuona mnzanga wina wa kumakina. Anangofunsa funso limodzi pamsonkhano wa antchito. Lero amagulitsa makandulo pasiteji ya basi, ndipo akandiona amayang'ana kwina.

“Iwe ndiwe mwana. Ukayankhula, anthu adzaomba m'manja, adzati mtsikana wolimba mtima. Akatha kuomba adzapita kwawo kukadya. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Mawa ukopere zonsezi papepala loyera. Lachisanu ukawerenge zimene ahedi anachonga, osawonjezera, osachotsera. Ukatero ubwere kunyumba.”

“Koma ndime yachitatu ndi bodza, Amayi.”

“Bodzalo si lako. Iwe ukangowerenga.”

“Bodza ukalitulutsa ndi pakamwa pako lasanduka lako, mlongo,” anatero a Giya.

“Achimwene, mankhwala a bondo lanulo amachokera pa chimpeni chomwecho.”

A Giya anayang'ana bondo lawo.

Amayi aja anakoka thumba la mapepala pansi pa kabati n'kuliika pamapazi pa achimwene awo.

“Lachisanu nthawi ya 3 koloko anthu apabwalo pano amakhala atachoka. Mudzawotche zonsezi kuseri, mu mgolo muja. Pasatsale ngakhale kachidutswa.”

“Ndamva,” anatero a Giya.

Za makope amene anali kale m'zikwama za ana asukulu palibe anazikumbukira. Mantha amatero, amakuonetsa thumba lili pamapazi, n'kukubisira zimene zili kunja.

4. Pepala Loyera

Lachinayi ataweruka, Inki anakhala patebulo ndi mapepala oyera mbali zonse, amene amayi ake anagula pagolosale. Anakopera ndime yoyamba. Anakopera yachiwiri. Atafika pa yachitatu, cholembera chinaima.

Anadzuka kukamwa madzi. Anabwerera. Anasesa chipinda chimene chinali chosesa kale. Anabwereranso.

“Pensulo yathyoka?” anafunsa a Giya.

“Ayi.”

“Ndiye dzanja lathyoka?”

“Amalume, inuyo mukanatani?”

A Giya anapukusa mutu. “Usandifunse ine. Ine ndinalankhula dzulo ngati munthu wopanda chotaya, ndipo amayi ako anandikumbutsa kuti ndili nacho. Zimene ananena amayi ako n'zoona. Zimene ndinanena ine n'zoonanso. Vuto lake ndi limenelo.”

Inki anakopera ndime yachitatu yonse, liwu ndi liwu. Kenako, patsamba lomaliza pamene panatsala malo, analemba atatu mwa mafunso a amalume ake ndi zilembo zing'onozing'ono. Sanauze munthu.

Mmawa wa Lachisanu amayi ake anamukonza kolala pakhomo. Anaikonza kawiri ngakhale inali yowongoka.

“Wakumbukira?”

“Ndakumbukira, Amayi.”

“Osawonjezera.”

“Osachotsera,” anamaliza Inki, akuyang'ana pansi.

5. Mu Holo

Holo inadzaza isanakwane 12 koloko. A Nduna anafika itadutsa 1 koloko, poti anthu aakulu safika, amafikiridwa. Denga linali lamalata, mawindo theka osatseguka, ndipo ana mazana anayi ankapuma mpweya umodzi.

Inki anakhala pabenchi yachiwiri ndi mnzake wapamtima, mtsikana wonenepa wansangala amene ankatchedwa Thukuta, chifukwa ankatuluka thukuta ngakhale m'nyengo yozizira.

“Ndifa muno,” ananong'ona Thukuta. “Ukayankhule mwachidule, wamva?”

Zikanakhala zosavuta a Nduna akanakhala ndi nkhope yoopsa. Koma anali bambo waulemu, wa mawu ofewa. Anagwira chanza aphunzitsi onse. Ananena nthabwala ya mmene ankalepherera masamu ali mwana, holo yonse n'kuseka, Inki yemwe anaseka. Kumbuyo kwawo kunaima bambo wamtali wosaseka, atakumbatira chikwama chachikopa.

Inki atachiona chikwamacho, kuseka kunamuthera.

“Ana anga,” anatero a Nduna, “ndikudziwa kuti mulibe mabuku. Mtima wanga umawawa. Koma mudziwe kuti vuto si lathu. Mapepala anu akuola pamalire chifukwa anzathu a kutsidya anazolowera ziphuphu. Ife kuno sitipereka chiphuphu. Ndi bwino kuchedwa kusiyana ndi kudetsa manja.”

Anthu anaomba m'manja. Ahedi anaomba kuposa onse.

Oyankhula anayi anadutsa. Aliyense anapeza dziko lakutali loti alidzudzule, ndipo aliyense anamaliza ndi kuyamika. Kenako anaitana Inki.

Anakwera masitepe atatu. Mapepala ake oyera anawaika patebulo. Ndime yoyamba inatuluka bwino. Yachiwiri inatulukanso. Anafika pa yachitatu.

“Taonani dziko loyandikana nafe,” anawerenga. Anaima.

Holo inadikira. Ahedi anamugwedezera mutu kuti apitirize. Inki anali ndi mantha kwambiri. Anayang'ana mawu otsatirawo, ndipo pakamwa panakana. Anatembenuza tsamba, n'kupita kumapeto.

“Dziko limenelo ine sindinapiteko,” anatero. “Ndiye sindingaweruze atsogoleri ake. Koma amalume anga anayenda mayiko asanu ndi anayi, ndipo anandiphunzitsa mafunso oyezera mtsogoleri wa dziko lililonse. Akadwala amagona chipatala chiti? Chimene analonjeza tingachigwire ndi manja? Munthu wamba akamufunsa funso pagulu, mawa lake amadzukira kuti?”

Ana ena anaseka pang'ono. Aphunzitsi sanaseke.

“Anandiuzanso kuti tepi ikhale imodzi, ya kwa mnansi ndi ya kwathu. Ndiye ine, monga munthu wamba, ndikupempha kufunsa.” Anatembenukira kwa a Nduna. “Olemekezeka a Nduna, mapepala amene ali pamalirewo, alipo amene anawaona ndi maso? Mabuku athu a masamu ali kuti?”

Munali zii. Kunja kunamveka njinga yamoto ikudutsa, mpaka inazimiririka.

A Nduna ndi amene anayamba kuomba m'manja. Anaimirira akumwetulira, kumwetulira komwe kuja kwa papepala.

“Mwaona? Awa ndiye ana amene tikufuna. Ana ofunsa. Mwana wanga, yankho ndakupatsa kale, koma ofesi yanga ndi yotsegula.”

Holo inaomba m'manja, ndipo ana anaomba ndi mtima wonse. Inki anatsika masitepe akupuma. Sanatchule kampani. Sanatchule amayi ake. Sanaonetse pepala. Anaganiza kuti wadutsa pakati pa minga osalasidwa.

6. Chokupizira cha Thukuta

Atangokhala pansi, bambo wa chikwama uja anatsika pansanja. Anayenda m'mbali mwa khoma mosafulumira, n'kudzaima pabenchi yachiwiri.

“Wayankhula bwino,” anatero. “A Nduna akufuna dzina lako, kuti akutumizire mphatso.”

Inki asanayankhe, maso a bamboyo anachoka pa iye. Anatera pa Thukuta.

Thukuta, kutentha kutamupitirira, anali atang'amba tsamba m'kope lake la masamu kuti azidzikupizira. Tsambalo, poti linali lopinda, linatambasuka. Mbali imodzi kunali zolemba za Thukuta. Mbali inayo nkhope ya a Nduna inkapita uku ndi uku, manambala ali pachipumi.

“Tabwereka chokupizira chakocho,” anatero bamboyo.

Thukuta anapereka ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana nkhope, anayang'ana chidindo cha m'munsi.

“Pepala ili walitenga kuti?”

“Amatipatsa Inki,” anatero Thukuta mosangalala. “Amayi ake amagwira ntchito kosindikiza mabuku. Ndi abwino kwambiri, amatisokera okha. Kalasi yonse tili nawo.”

Thukuta sankadziwa kanthu. Ankaganiza kuti akuyamikira.

Bamboyo anapinda pepalalo kanayi, n'kulilowetsa m'chikwama. Anatseka zipi pang'onopang'ono.

“Dzina lako silikufunikanso,” anauza Inki. Anatulutsa foni, n'kutuluka panja.

“Ndalakwa chiyani?” anafunsa Thukuta ataona nkhope ya mnzake. “Inki, ndalakwa chiyani?”

Inki sanadikire kumva amene wapambana. Anadutsa pakati pa mabenchi, anatuluka pakhomo lakumbali, ndipo atafika pageti la sukulu anayamba kuthamanga.

7. Makina Ali Chete

Kuchokera kusukulu kukafika kukampani unali ulendo wa mphindi makumi awiri. Unkadutsa pamalo okonzera matayala, n'kukhota pasitolo ya utoto. Ukangokhota pamenepo unkayamba kumva makina osindikizira akugunda ngati mtima. Inki anakula akumva kugunda kumeneko.

Lero anakhota, osamva kanthu.

Antchito anali ataima panja m'timagulu, manja m'matumba. Mlonda wa pageti, amene masiku onse ankamuseka za zala zake, anayang'ana kumbali n'kumusiya adutse.

Amayi ake anawapeza atakhala pabenchi ya pakhonde, kunja kwa ofesi ya abwana. Epuloni anali ataivula, ataipinda bwinobwino pamiyendo. Mkati mwa ofesi munkamveka mawu a abwana akuyankha foni, inde bwana, inde bwana.

Inki anaima patsogolo pawo akupuma mwabefu. Misozi inali itayamba kale.

“Wawonjezera,” anatero amayi ake. Silinali funso.

“Ndangofunsa, Amayi. Pepala sindinaonetse. Ndi kope la Thukuta. Tinaiwala makope aja.”

Amayi aja anatseka maso. Inki anadikira kukalipiridwa, koma iwo anangofunsa.

“Unafunsa chiyani?”

“Ndinafunsa kuti mabuku athu ali kuti.”

“Pamaso pa anthu onse?”

“Inde.”

“Iwo anati chiyani?”

“Anaomba m'manja. Anati ofesi yawo ndi yotsegula.”

Amayi aja anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Anayang'ana chala chawo chodukacho.

“Abwana andiuza kale zimene akufuna,” anatero motsitsa mawu. “Akuti ndisaine kalata yovomera kuti ndinkaba mapepala a boma, ndi kuti mabuku anachedwa chifukwa cha ine. Ndikasaina, akuti nkhani ithera pompano, apolisi sabwera. Malole atatu, mwana wanga. Akuti ndinawanyamula m'thumba langali.”

“Koma ndi bodza.”

“Ndi bodza. Ndipo ndikalisaina ndi dzanja langa lasanduka langa.” Anapukuta maso ndi epuloni. “Achimwene akanamva akananyada mpaka bondo kupola.”

Foni ya mu ofesi inaikidwa pansi. Mpando unakokedwa.

Amayi aja anagwira mkono wa Inki mwamphamvu, n'kumukokera pafupi.

“Tamvera. Ndinkaganiza kuti thumba lija ndi limene lingandimangitse. Tsopano ndi lokhalo lingandimasule. Muli masamba a masamu a masiku awiri aja, ndi nkhope pamwamba pake. Popanda limenelo, ndi mawu anga okha kulimbana ndi awo. Nthawi ili bwanji?”

Inki anayang'ana wotchi ya pakhoma la khonde. Inali itatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti ikwane 3 koloko.

“Amalume alibe foni,” anatero.

“Ndiye ukuimiranji? Ukawauze asawotche. Thamanga.”

Chitseko cha ofesi chinatseguka. “Mayi, lowani,” anatero abwana, atagwira pepala ndi cholembera.

Amayi aja anaimirira, anavalanso epuloni yawo, n'kuimanga kumbuyo ngati akubwerera pa chimpeni. Inki sanaone zotsatira. Anali atadutsa kale pageti.

Anathamanga kudutsa sitolo ya utoto. Nsapato imodzi inamasuka chingwe, sanaime. Ankapemphera kuti bondo la amalume ake likhale litavuta lero, kuti machesi akhale atanyowa, kuti mnansi mmodzi akhale atatsala pabwalo. Koma a Giya anali dalaivala, ndipo m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sanachedwepo ndi katundu wa munthu.

Atakhota kulowa mumsewu wa kwawo, anakweza maso. Kuseri kwa nyumba yawo kunkakwera kautsi koyera, kowonda, kongoyamba kumene.

“Amalume!” anakuwa Inki, akukankha geti ndi phewa.